Wotchi ya agogo ndi anthu osaka radium

Achimwene ena a ku Kamwendo, ku Mchinji, andilembera kuti agogo awo anasiya wotchi yomwe anabwera nayo kuchokera ku nkhondo ya ku Burma. Tsopano anyamata ena a kutsidya kwa malire akuti mu utoto wa timanambala take muli radium, chitsulo chosowa chotulutsa cheza choopsa, ayitsegule apale utotowo, iwo agula. Funso ndi loti apale kapena ayi.

Nditawerenga ndinayamba ndakhala kaye phee, chifukwa zoterezi zinatigwera kwathu ku Kasungu. Chaka china fodya atayenda bwino ku Chinkhoma, malume anga anakumana ndi bambo wina wa suti, chikwama kukhwapa. M'chikwamamo munali kabotolo kokutidwa ndi nsalu yakuda, m'kabotolomo timikanda tobiriwira. Anawatengera malume m'chipinda, nkutseka mawindo, timikanda tija nkumawala. Akuti radium, ndipo wogula ali m'njira kuchokera ku Johannesburg. Malume anapereka ndalama yonse ya mabelo, nkukakwirira kabotoloko m'chigafa. Tinadikira mpaka mvula inagwa. Amene anaulula chinsinsi ndi agogo aakazi, omwe atakaona anangoti, "Imeneyi si mikanda ya kolona yowala usiku ija?" Chaka chimenecho tinadya nsima ya madeya, ndipo ine sukulu ndinayamba mochedwa.

Choncho ndikamva mawu oti radium ali pakamwa pa wamalonda, magazi amathamanga. Radium sipezeka ngati zitheba pa msika. Marie ndi Pierre Curie anaitulukira mu 1898 ku Paris, ndipo anachita kuphika matani a miyala ya uranium kuti pofika 1902 apeze kachigawo kamodzi mwa magawo 10 a galamu. Kenako yambiri inkachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo, mgodi womwewo umene unapereka uranium wa bomba la ku Hiroshima mu 1945. Phindu lake ku Congo komweko simungalione, koma imeneyo ndi ya tsiku lina.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'choti anyamatawa akuuza munthu kuti apale. Ku Orange, New Jersey, m'dziko la America, kuyambira cha mu 1917, atsikana opaka utoto wa radium pa mawotchi ankauzidwa kuti azisongola burashi ndi milomo. Thupi limaitenga radium ngati calcium, nkuipititsa m'mafupa, ndipo ikakhazikika imawotcha munthu kuchokera mkati. Mano anayamba kugweruka, nsagwada kuwola, ambiri anafa akadali atsikana. Radium-226, mtundu womwe uli mu utoto wa mawotchiwu, imatenga zaka pafupifupi 1,600 kuti ichepe ndi theka, komanso imatulutsa mpweya woopsa wotchedwa radon. Wotchi ya m'ma 1940 mwina inasiya kale kuwala, poti mankhwala owalitsa a mu utotowo anatha mphamvu, koma radium yake ikadali momwemo ngati yapakidwa dzulo.

Ndipo woigula ndani? Zipatala zinaisiya kalekale, zinatembenukira ku cobalt-60, chitsulo china chotulutsa cheza, ndi zina pochiza khansa. Yomwe ikugwira ntchito lero ndi radium-223, ya khansa ya prostate yofalikira m'mafupa, ndipo imeneyo amaikonza mwapadera, sachita kuipala pa wotchi ya agogo a munthu. Ine ndinena mosapsatira: anyamatawo akufuna mudzawapatse ndalama ya "kuyezetsa", kenako foni zawo zizime.

Nanga wotchi ija?

Musaitsegule, achimwene. Ngati galasi lake lili bwino, ikulungeni m'pulasitiki, muiike m'chitini kutali ndi kogona ndi ana, nkusamba m'manja. Ngati galasi linasweka, funsani a Atomic Energy Regulatory Authority, bungwe la boma loyang'anira zinthu zotulutsa cheza choopsa, ku Lilongwe. Kabotolo ka malume kaja kakadalipo, azakhali amasungiramo singano.