Kodi ma div onse ndiwachotse?

Funso: Akulu, ndayamba kumene kupanga mawebusaiti. Mnzanga ataona khodi yanga anaseka, akuti ndaunjika ma div, wina m'kati mwa mnzake mpaka asanu ndi awiri. Chifukwa cha manyazi, onse ndawasandutsa section. Kodi ndachita bwino? Wophunzira

Yankho: Achimwene, pepani, matenda aja alipobe, mwangowatcha dzina lina.

Div, tagi ya HTML yopangira bokosi pa tsamba, payekha alibe mlandu. Iye pamodzi ndi span, tagi yokutira mawu m'kati mwa mzere, anapangidwa dala kuti asakhale ndi tanthauzo. Ntchito yawo ndi kugwira zinthu kuti CSS, khodi yokonza maonekedwe a tsamba, ipeze pozikongoletsera. Mukafuna bokosi loti liike zolemba pakati pa tsamba kapena lipereke mtundu wakumbuyo, div ndiye woyenera. Section ndi wa chigawo chokhala ndi mutu wakewake. Ngati simungathe kuchipatsa tagi ya mutu, h2 kapena h3, chimenecho si section.

Ine ndisanalembe tagi iliyonse ndimadzifunsa kuti: munthu wosaona, amene tsambali akulimva kudzera mu pulogalamu yowerenga mokweza monga NVDA kapena VoiceOver, bokosili limuuza chiyani? Likamamuuza kuti apa pali maulalo oyendera, ndimalemba nav. Pa nkhani yeniyeni ya tsamba ndimalemba main, mmodzi yekha. Nkhani yoti ingaime payokha ndi article. Matagi amenewa anabwera ndi HTML5, imene W3C inaivomereza mu 2014, ndipo si okometsera ayi. Wogwiritsa ntchito NVDA akadina D amalumpha kuchoka pa nav kupita pa main, akadina H amayenda mutu ndi mutu. Tsamba likakhala la ma div okhaokha, amvetsera menyu yonse kaye asanafike pa chimene wadzera.

Chimene chimandipweteka mutu kwambiri ndi div wovekedwa ngati batani. Inenso ndinachitapo zimenezi pa fomu ina, ndipo inkaoneka bwino ndithu. Tsiku lina mbewa ya kompyuta yanga itafa, ndinadina Tab pa kiyibodi kangapo konse, batani lija osafikika. Tagi ya button imalandira Tab, Enter ndi Space popanda inu kulemba kalikonse. Div amafuna khodi yowonjezera, tabindex, role ndi JavaScript, kuti angofanana nayo.

Za ma div asanu ndi awiriwo, mnzanuyo sanalakwe kwenikweni, ngakhale kusekako sikunali kofunika. Ambiri tinazolowera kuunjika nthawi ya float, njira yakale yosanjira zinthu pa tsamba. Kuyambira mu 2017, pamene Chrome, Firefox ndi Safari zinayamba kumva CSS Grid, njira yosanjira zinthu m'mizere yopingasa ndi yotsika, mungathe kuika display: grid pa main kapena ul (tagi ya mndandanda) mwachindunji, ndipo tokongoletsa tating'ono mungatisiyire ::before ndi ::after za mu CSS, zimene sizifuna tagi ina.

Ndiye bwezani ma section opanda mutuwo akhale div, kenako muzichotsa mmodzimmodzi uku mukuyang'ana tsamba. Amene mwamuchotsa koma palibe chasokonekera, asabwererenso. Ndikuganiza kuti mutsala ndi awiri kapena atatu.