Kodi kunena msilikali ndi mwano? Yankho kwa mayi wa ku Mufakose

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, wobadwira konkuno ku Harare koma makolo ake anachokera ku Dedza. Wandipempha kuti dzina ndisatchule. Ndaifupikitsa chonchi:

"Tinali pa maliro a mayi anga aang'ono. Usiku amuna ali pamoto nkhani inalowa m'ndale, ndipo mwana wanga wa zaka 24 ananena kuti asilikali amene anawombera anthu m'tauni mu 2018 amayenera kuzengedwa mlandu. Malume ake, amene ndi achimwene anga, anaimirira n'kumukalipira pagulu, amvekere: msilikali sanenedwa, anthu amenewa anafera dziko lino, ndipo ife kuno ndife alendo. Chovuta china n'chakuti mwana wa achimwenewo ndi msilikali. Tsopano akubanja akuti mwana wanga akapepese. Kodi pa chikhalidwe chathu kudzudzula asilikali ndi mwano? Ndimuuze chiyani mwanayu?"

Mayi, pepani ndi zovutazo. Mzimu wa malemu uuse mumtendere.

Ngati mnyamatayo anakweza mawu kapena kulozana chala ndi malume ake pa siwa, apite akapepese, ndipo asatume munthu. Malume ndi mwini mbumba, ndipo maliro si bwalo la mtsutso. Pamenepo mlandu watha. Koma ngati akufuna kuti akapepese chifukwa chonena kuti wopha munthu ayenera kukayankha kukhothi, ine ndikuti ayi. Palibe mwambo wa Achewa, Ayao, Alomwe kapena Angoni umene ndikuudziwa umene umati munthu wa mfuti sanenedwa. Ngakhale mfumu ili ndi nduna ndi amayi a mbumba oikhazika pansi ikalakwa.

Komabe achimwene anuwo musawaone ngati munthu wopanda nzeru. Mawu awo ali ndi kochokera.

Nkhondo yomenyera ufulu wa dziko lino la Zimbabwe inali nkhondo yeniyeni. Ku Nyadzonia mu Ogasiti 1976 ndi ku Chimoio mu Novembala 1977, asilikali a Rhodesia, boma la azungu la nthawi imeneyo, anapha anthu ambirimbiri m'misasa ya ku Mozambique, ena mwa iwo ana ndi amayi. Ufulu utabwera pa 18 Epulo 1980, magulu omenyera ufulu a ZANLA ndi ZIPRA anaphatikizidwa ndi otsala a gulu lankhondo la Rhodesia n'kupanga gulu limodzi. Kuyambira pamenepo boma lakhala likutiphunzitsa kuti yunifolomu ndi ufulu ndi chinthu chimodzi. Mukamalowera ku Norton mumaona Heroes Acre paphiri paja, yomangidwa mothandizidwa ndi North Korea, ndi chiboliboli cha omenya nkhondo atatu pa manda a msilikali wosadziwika dzina. Chaka chilichonse Lolemba lachiwiri la Ogasiti ndi tsiku la ngwazi, mawa lake ndi tsiku la asilikali: bandi, perete, ndege zikudutsa cham'munsi, ana akukuwa. Mwana wokulira m'zimenezi amafika pokhulupirira kuti kufunsa funso kwa msilikali n'kulavulira manda.

Amene anagwa ku Chimoio ndimawalemekeza ndi mtima wonse. Koma tiwerengetse zaka. Amene anagwira mfuti mu 1977 ali ndi zaka 17, lero wadutsa 60. Anyamata ambiri amene ali m'yunifolomu panopa anabadwa ufulu utabwera kale, monga msuweni wa mwana wanuyo. Iwo ali pa ntchito, amalandira malipiro ochokera ku msonkho umene inu mumadulidwa mukagula shuga kapena mukatumiza ndalama pa EcoCash. Magazi a ku Chimoio sangakhale chikopa cha chilichonse chimene munthu wovala yunifolomu angachite zaka 40 pambuyo pake.

Koma mawu amene andikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi akuti "ife ndife alendo". Limeneli ndi bala lathu ife amene agogo athu anabwera wapansi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi ku khonsolo ya Salisbury, dzina lakale la Harare. Tinakula tikumva mayina otinyoza. Mugabe yemwe anatchulapo anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mitupo, pofuna kunena kuti ndi obwera, chifukwa choti anavotera otsutsa. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwira ku Highfield ndi ku Mabvuku, amene sanapondeko ku Mwanza ngakhale kamodzi, anapezeka kuti zitupa zawo zikuti ndi alendo ndipo sangavote. Munthu amene anaimapo pamzere kwa Registrar General kukakana unzika wa dziko limene sanalionepo amaphunzira kuweramitsa mutu. Achimwene anu akamati msilikali sanenedwa, ine ndikumva munthu amene akuopa kuti mphwake angasowe. Amenewo ndi mantha, ndipo ndi mantha a chikondi. Kungoti atakhala zaka zambiri m'nyumba, mantha amayamba kutchedwa mwambo.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013, gawo 43, anabwezera unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC ndipo ankakhala muno pamene malamulowo ankayamba kugwira ntchito. Mwana wanu si mlendo. Ngati chitupa chake chikadali ndi chizindikiro chakale chija, akasinthitse.

Ndipo ngati nkhani ndi ya mwambo wa kwathu, akumbutseni achimwene za munthu amene nkhope yake inakhala pa ndalama ya kwacha. Mu Novembala 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itafika ku Karonga, John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti Aafirika osauka akutengedwa kukafera nkhondo imene sadziwa chiyambi chake, n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Boma la atsamunda linaletsa kalatayo. Anthu athu masauzande ankasenzetsedwa mtengatenga, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. Lero pa 15 Januwale Amalawi sapita ku ntchito pokumbukira munthu amene anafunsa akuluakulu a nkhondo funso limene ankati silifunsidwa. Ku Zomba kuli chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, ndipo palibe amene amati chipilalacho chikulimbana ndi Chilembwe. Iye ankalirira anyamata omwewo amene mayina awo ali pamenepo.

Tibwere ku zimene mwana wanu ananena. Ambiri a ife tikukumbukira Loweruka lija, pa 18 Novembala 2017. Akasinja anali ataima m'misewu ya m'tauni kuyambira pakati pa sabata, mmodzi wa akuluakulu a asilikali, Sibusiso Moyo, atalengeza kale m'bandakucha pa wailesi yakanema ya boma ya ZBC kuti asilikali alowererapo pa ndale. Tsiku limenelo mzinda wonse unakhamukira ku Zimbabwe Grounds ndi m'tauni kukafuna kuti Mugabe achoke pampando. Ndinaona mayi wonenepa atakulunga mbendera m'chiuno akupukuta thukuta pankhope ya msilikali ndi mpango wake, mnyamatayo akumwetulira mwamanyazi, mfuti ili pachifuwa. Achinyamata ankakwera pa akasinja kujambulitsa, ena akupereka madzi ndi zakumwa kwa asilikali. Pa 21 Mugabe anatula pansi udindo, pa 24 Emmerson Mnangagwa analumbira kukhala pulezidenti. Chaka chisanathe, akuluakulu a asilikali anali atalowa m'boma: Constantino Chiwenga anali wachiwiri kwa pulezidenti, Moyo nduna ya zakunja, Perence Shiri nduna ya zaulimi.

Pasanathe miyezi 9, pa 1 Ogasiti 2018, m'misewu yomweyo, asilikali anawombera anthu pa zionetsero zodandaula za kuchedwa kwa zotsatira za chisankho. Anthu 6 anafa, ena atawomberedwa kumsana akuthawa, ena asali n'komwe pa zionetserozo. Izi si mphekesera za pa WhatsApp. Pulezidenti yemwe anakhazikitsa komiti yofufuza, yotsogoleredwa ndi Kgalema Motlanthe amene anakhalapo pulezidenti wa South Africa. Lipoti lake linatuluka mu Disembala chaka chomwecho, ndipo linati imfazo zinabwera chifukwa cha zochita za asilikali ndi apolisi, kuti kuwombera anthu othawa ndi zipolopolo zenizeni kunalibe chifukwa chomveka, ndiponso kuti olakwa apezedwe ndi kulangidwa, mabanja apepesedwe. Ndiye mwana wanu anangobwereza zimene zinalembedwa m'lipoti la boma. Anselem Sanyatwe, amene ankatsogolera asilikali tsiku limenelo, anauza komitiyo kuti msilikali amene dziko lonse linamuona pa kanema atagwada n'kumawombera ankaloza m'mwamba. Pambuyo pake anakwezedwa udindo, anakakhala kazembe ku Tanzania, ndipo mu 2023 anabwera kudzakhala mkulu wa asilikali onse a pamtunda. Mu Januwale 2019, mafuta atakwera mtengo, asilikali analowanso m'malokeshoni intaneti itazimitsidwa. A ku Mufakose, ku Glen View ndi ku Dzivaresekwa safuna wowafotokozera za masiku amenewo.

Chimene kukhala chete kumabala tinachiona kale ku Matabeleland. Nthambi ya asilikali ya Fifth Brigade, yophunzitsidwa ndi aku North Korea ndipo mtsogoleri wake anali Shiri yemweyo, inalowa kumeneko mu 1983, ndipo anthu ophedwa pa chipolowe chimenecho, chotchedwa Gukurahundi, amawerengedwa m'masauzande ambiri. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi 20,000. Lipoti la komiti ya Chihambakwe, imene boma linakhazikitsa kuti ifufuze nkhaniyi, silinatulutsidwe mpaka lero. Anali a Katolika a Chilungamo ndi Mtendere amene anasonkhanitsa maumboni n'kuwasindikiza mu 1997. Mu 2010 wojambula Owen Maseko anamangidwa ku Bulawayo chifukwa choonetsa zithunzi za nthawi imeneyo. Ife a kuno ku Harare zaka zonsezo tinkangoti sitinamve.

Tsopano za msuweni wakeyo, chifukwa ndikuganiza kuti mtima wa achimwene anu uli pamenepo. Iwo akumva ngati amene akunenedwa ndi mwana wawo. Koma amene amavutika kwambiri gulu lankhondo likakhala losafunsika ndi msilikali wamba. Iye saloledwa kunyanyala ntchito, alibe bungwe lomuyankhulira, sangalembere nyuzipepala. Mu 1998 anatumizidwa ku Congo kukateteza pulezidenti Laurent Kabila popanda nyumba ya malamulo kufunsidwa, ndipo amene analemera ndi migodi ya kumeneko sanali iye. Mu Disembala 2008 tinaona asilikali m'yunifolomu akuswa mawindo a masitolo m'tauni muno atalephera kutapa malipiro awo ku banki, monga mmene tinkalepherera tonse. Akabwera ku lokeshoni amakwera kombi yomweyo, amalipira lendi kwa landilodi yemweyo. Namondwe wa Idai atagwetsa mapiri ku Chimanimani mu Malichi 2019, anali anyamata omwewa amene ankafukula anthu m'matope. Pa zimenezo ayenera kuyamikiridwa mokweza. Koma ngati wamba saloledwa kufunsa kuti ndalama za asilikali zikupita kuti, ndani analamula kuti awombere, ndani anakwezedwa ndipo chifukwa chiyani, amene watetezedwa ndi bwana wa nyenyezi paphewa. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mwana wanu, ngakhale sanadziwe, ankayankhulira msuweni wake yemwe.

Kumudzi ku Malawi asilikali ali ndi mbiri ina. Mu Disembala 1993 analanda zida a Young Pioneers, mu Epulo 2012 mkulu wa asilikali Henry Odillo anaima ndi malamulo kuti Joyce Banda alowe m'malo mwa Bingu, ndipo mu 2019 ankaperekeza anthu pa zionetsero. N'chifukwa chake Amalawi amawaimbira m'manja. Koma nakonso, anthu okhala m'mbali mwa nkhalango ya Dzalanyama atadandaula za nkhanza pamene asilikali ankathamangitsa ootcha makala, ambiri m'tauni sanafune kumva. Chitamando chikachuluka chimatseka makutu, kaya ndi ku Lilongwe kaya ndi kuno.

Nanga malamulo akuti bwanji? Gawo 208 la malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe limaletsa achitetezo kukondera chipani kapena kuphwanya ufulu wa munthu. Gawo 211 limati asilikali ali pansi pa ulamuliro wa anthu wamba. Gawo 210 limalamula kuti pakhale bungwe loima palokha lolandira madandaulo a anthu pa achitetezo, ngakhale lamulo lolikhazikitsa linachedwa mpaka 2022. Ndime ina ya m'lamulo la milandu imene inkamangitsa atolankhani pa mlandu wochotsa chikhulupiriro cha anthu mwa achitetezo inakanidwa ndi khothi lalikulu la malamulowa zaka zoposa 10 zapitazo. Papepala mwana wanu ali bwinobwino.

Koma inu ndi ine tikudziwa kuti munthu amatha kugona m'chitokosi masabata angapo khothi lisananene kuti analibe mlandu. Milandu yonyoza pulezidenti ndi youkiritsa asilikali ikadalipo, ndipo mu 2023 kunabweranso lamulo lolanga amene akuti awononga zofuna za dziko. Ngakhale kuvala kabudula wa mawanga a chisilikali ndi mlandu kuno. Ndiye muuzeni mnyamatayo kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Anene zimene angathe kuloza pamene zinalembedwa, monga lipoti la Motlanthe, osati zimene wamva m'kombi. Asatukwane munthu, asaopseze, asatchule dzina la msilikali wamba aliyense pa Facebook, ndipo adziwe kuti uthenga wa m'gulu la WhatsApp la anthu 200 suli m'nyumba. Akumbukirenso kuti zolemba zake zikhoza kumuika msuweni wake m'mavuto ku ntchito, pakuti amadziwika kuti ndi pachibale.

Popita kwa malume akeko mupite naye, masana, opanda gulu. Iye apepese za malo ndi kayankhulidwe, kenako akhale chete. Inuyo, monga mlongo wawo, muwafunse achimwene kuti chimene akuopa kwenikweni n'chiyani, ndipo muwasiye afotokoze mpaka amalize, ngakhale abwerere ku 2001 kapena ku 2008. Msilikaliyo akadzabwera pa tchuthi, anyamata awiriwo muwasiye okha, akagulirane zakumwa ku mashopu. Musamufunse za ku ntchito pamaso pa anthu, chifukwa lumbiro lake silimulola kuyankha.