Kilwa si makoma akugwa chabe, achemwali

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti bambo akunyumba akufuna tchuthi cha ku Zanzibar, iwo mtima uli ku Kilwa, kugombe la Tanzania, koma akuopa kutaya ndalama pokangoona makoma akugwa.

Makoma akugwa! Achemwali, mawu amenewa andipweteka.

Ine ndinakulira ku Nkhotakota. Tikachedwa kunyanja, agogo ankatiopseza kuti atigwira a Jumbe, ogulitsa akapolo aja, n'kukatigulitsa ku Kilwa. Tinkaseka, poyesa kuti Kilwa ndi dziko la m'nthano. Nditakula m'pamene ndinadziwa kuti anthu ankawaolotsadi nyanja yathu pa ngalawa, n'kuwayendetsa wapansi miyezi yathunthu, atasenza minyanga, mpaka ku Kilwa Kivinje, kugombe la nyanja yamchere ku Tanzania.

Tsiku limene ndinafika ku Kivinje madzi anali ataphwa, ngalawa za matanga zitagona chammbali pamatope. Mkulu wina ankatseka ming'alu ya ngalawa yake ndi thonje, akukhomerera ndi kachitsulo, osadzutsa mutu n'komwe. Pafupi pomwepo pali boma lakale la Ajeremani, pulasitala akusupuka. Amayi amakazinga nsomba, ana akuthamangitsana, fungo lake ngati pa doko la kwathu usipa ukatuluka. Ndinaima pamenepo misozi ili chuchuchu. Mnyamata wa njinga yamoto amene ananditenga anayesa ndadwala malungo.

Chimene chimandinyansa n'chakuti alendo ambiri amathamangira pachilumba pokha, ku Kilwa Kisiwani, kujambula zithunzi n'kubwerera. Sindikukana, chilumbacho n'chodabwitsa. Golide wa ku Zimbabwe ankadzera ku doko la Sofala, ku Mozambique, n'kudzalemeretsa mafumu a pamenepa, mpaka ankasula ndalama zawozawo. Ibn Battuta, woyendayenda wotchuka wa ku Morocco, anafikapo mu 1331 n'kuutama mzindawo. Mzikiti waukulu womangidwa ndi miyala ya m'nyanja ulipobe, denga lake lozungulira ngati miphika yovundikira, ndipo nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa inali ndi dziwe losambira la ngodya zisanu ndi zitatu. Apwitikizi analanda mzindawu mu 1505. Bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wake wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse mu 1981 pamodzi ndi mabwinja a pa chilumba choyandikana nacho cha Songo Mnara. Koma Mmalawi wofika ku Kilwa n'kusaponda Kivinje, ine ndimati wapita kumaliro n'kuthera pamoto pophikira nsima. Ndipo kusukulu bwanji ankangotiloweza dzina la Livingstone ndi mtengo wa ku Nkhotakota, osatiuza kumene akapolowo ankathera?

Tsono yankho

Pitani. Kuchokera ku Dar es Salaam ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 300 chakummwera, pa basi. Mukagone ku Kilwa Masoko, komwe mumadula chilolezo ndi kupeza boti ndi wokuperekezani pachilumba. Tengani madzi ndi chipewa, dzuwa lake silichita manyazi, ndipo muvale modzilemekeza chifukwa ndi mudzi wa Asilamu. Masiku awiri akwana. Otsalawo muwapatse bambowo Zanzibar yawoyo, kuti pakhomo pakhale mtendere.