Geni ya ku Joni kwa ife a shuga

Achemwali, mwafunsa kuti geni ya ku Joni imayenda bwanji, komanso ngati munthu wa shuga ngati inu angaikwanitse. Inenso ndine wa shuga, ndimabaya insulin m'mawa ndi madzulo, koma msewuwu ndimauyendabe.

Geniyo payokha si yovuta kuimvetsa. Basi timakwerera pa Wenela ku Blantyre, kudinditsa pasipoti pa Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare mpaka Beitbridge. Ku South Africa amatipatsa masiku osapitirira 30, choncho muziwerenga chidindo musanachoke pawindo. Ambiri timapikula ku Dragon City, China Mall ndi Small Street, makamaka mabulangete, nsapato ndi ziwiya. Malisiti musataye, a MRA adzawafuna pa Mwanza powerengera msonkho. Mtengo wogulitsira muziika mutaphatikiza kale thiransipoti, msonkho ndi ndalama zomwe munagulira randi.

Chimene chimavuta kwa ife ndi nthawi. Paboda sulamula ndiwe. Pa Beitbridge mutha kuima maola awiri, mutha kuchezera usiku wonse, koma shuga sadikira mzere. Ulendo wina ndinabaya jakisoni tikuyandikira boda, poganiza kuti ndidya tikangodinda. Chakudya ndinasiya pampando. Basi inatsogola kokasechedwa, ife tili pamzere. Ndinayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, maso kuchita chidima. Anandipulumutsa ndi mayi wina amene anali kumbuyo kwanga, anandimwetsa Fanta wake. Kuyambira tsiku limenelo sindibaya chakudya chisanafike m'manja, ndipo kachikwama ka pasipoti ndi komwenso kamakhala mankhwala, kamakina koyezera, masiwiti, mtedza ndi buledi pang'ono. Kameneko ndimapita nako ngakhale kuchimbudzi.

Makina akaonetsa pansi pa 4 (ena amawerenga 70), imwani masupuni aang'ono atatu a shuga m'madzi kapena theka la botolo la chakumwa chotsekemera, muyezenso pakatha mphindi 15, kenako mudye chakudya chenicheni. Musaganize kuti izi ndi za obaya okha. Mapiritsi a shuga otchedwa glibenclamide nawonso amagwetsa shuga mukadumpha chakudya. Ndipo amene mwakhala naye pampando muuzeni za matenda anu, musachite manyazi. Munthu shuga akatsika amaoneka ngati waledzera, anthu atha kungomusiya.

Insulin musaike m'katundu wa pansi pa basi kapena m'ngolo. Kumatentha, komanso katundu amasowa. Ku Tete mwezi wa October kutentha kumafika madigiri 40, ndipo insulin akapsa mphamvu imatha koma botolo likuoneka bwinobwino. Ine ndimakulunga m'kansalu konyowa kapena kuika mufulasiki ya madzi ozizira. Asakhudzane ndi ayisi, poti akauma waonongekanso. Mankhwala tengani okwanira maulendo awiri, chifukwa basi imafa panjira ndipo katundu amachedwa kutuluka. Kalata ya adokotala yachingerezi pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala zimathandiza akafunsa za majakisoni posecha.

Amayi ambiri amadzimana madzi poopa kuvutitsa dalaivala. Chonde musatero, shuga amakwera thupi likauma. Basi ikaima tsikani, muyendeyende, miyendo isatupe. Ku Joni tsiku lopikula mumayenda wapansi kuyambira m'mawa, ndiye valani nsapato zomwe munazolowera, osati zatsopano, ndipo madzulo muziyang'ana mapazi. Ife kachilonda ka kuphazi sitikamva msanga, komanso kamachedwa kupola. Kuyenda kumenekonso kumatsitsa shuga kuposa masiku a pakhomo, choncho muziyeza pafupipafupi.

Ubwino wa njira ya ku Joni ndi wakuti wotchi sisintha kuyambira Blantyre mpaka Johannesburg. Mukadzayamba ya ku Kariakoo ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, kumbukirani kuti Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi.

Musanagule tikiti, kaonaneni ndi adokotala anu, muwauze kuti mukhala m'basi pafupifupi masiku awiri kupita, awirinso pobwera, akuuzeni kamwedwe ka mankhwala panjira. Ulendo woyamba musapite nokha. Ndikadzanyamuka mwezi wamawa ndidzakuuzani, tidzakhale mpando umodzi.