Kizito Wabisika Kuseri kwa Masipika

Mayi wina wa m'komiti yokonza chikondwerero cha parishi wandilembera imelo. Nkhoswe ya parishi yawo ndi Kizito Woyera, ndipo iwo akufuna kuti chaka chino pakhale zojambula za ana, kasewero ndi nyimbo yatsopano yonena za moyo wake. Anzawo akuti ndalama zipite kobwereka masipika akuluakulu ndi kuitana makwaya kuti adzapikisane. Akufunsa ngati alimbikire kapena angogonja, poti atsala okha.

Limbikirani, mayi. Ndayamba ndi yankho chifukwa mwandigunda pachilonda, ndipo ndikudziwa kuti ndilankhula zambiri.

Ndinaimbapo kwaya pa parishi ina imene nkhoswe yake inalinso mmodzi wa Amartiri a ku Uganda, amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Panali bambo wina wopala matabwa amene ankajambula akapeza mpata. Anatenga nsalu yoyera yaikulu n'kujambulapo anyamata aja atakulungidwa m'mabango, moto utayamba kunyambita kumapazi, pakati pawo pali kamnyamata kakumwetulira. Penti anagula okha. Nkhope anatengera kwa ana otumikira pa guwa, moti amayi ena poiona ankaloza n'kumati uyo ndi wanga. Tsiku litafika, anyamata a zokuzira mawu anabwera m'mamawa kufuna malo, nsalu ija n'kuchotsedwa kutsogolo kukapachikidwa kuseri kwa mulu wa masipika. Zinkangooneka ndi mapazi ndi malawi. Bambo aja sananene kanthu, anakhala pa benchi yakumbuyo chipewa chili pamaondo. Misa itatha makwaya anapikisana mpaka dzuwa kupendeka, kenako mkangano wa mamalikisi, ena akuti oweruza akondera. Mwa nyimbo zonse zija panalibe ina yotchula dzina la amene tinkati tikumukondwerera. Potuluka ndinafunsa mwana wa mlongo wanga kuti lero linali tsiku la ndani. Ananditchulira kwaya yomwe yapambana.

Chikhalirecho nkhani ya Kizito njoti munthu akaimva bwino sangaiiwale. Anali mnyamata wa zaka pafupifupi 14, wamng'ono koposa mwa amartiri 22 achikatolika, wotumikira kunyumba ya mfumu Mwanga II ya ku Buganda. Karoli Lwanga, yemwe ankayang'anira anyamatawo ndi kuwateteza ku zilakolako za mfumu, anamubatiza mobisa usiku, ngozi itayandikira, kumapeto kwa Meyi 1886. Pa 3 Juni chaka chomwecho Kizito anatenthedwa ku Namugongo. Papa Benedikito XV anatcha amartiri 22 aja odala mu 1920, ndipo Papa Paulo VI anawalengeza oyera pa 18 Okotobala 1964. Mwana amene ubatizo wake sunakwanitse ndi masabata awiri omwe, akusankha moto m'malo mokana chikhulupiriro. Wolemba sewero angafunenso chiyani? Koma ife tikuti ayi, tiimbe zomwe tinaimba pa ukwati wa sabata yatha, bola sipika igunde pamtima.

Sindidana ndi mpikisano wa makwaya, ndinaupambanapo ndipo ndinasangalala. Koma ndafika poganiza kuti pa tsiku la nkhoswe mpikisano suyenera kukhalapo n'komwe. Ukangolowa umadya zonse. Oimba amabwera maganizo ali pa yunifolomu ndi kavinidwe, woimba kiyibodi amakweza kabiti kake kodziimba kokha mpaka mawu osamveka, ndipo mpingo wonse umasanduka oonerera. Chikalata cha Msonkhano Wachiwiri wa Vatican chonena za liturjiya (mwambo wa mapemphero a Mpingo), Sacrosanctum Concilium, cha pa 4 Disembala 1963, chimabwereza mobwereza kuti anthu onse atenge nawo mbali poimba ndi poyankha. Chikalata chomwechi, pa ndime 119, chimati nyimbo za makolo a anthu zipatsidwe ulemu ndi malo oyenera pa chipembedzo. Pasanathe chaka, ng'oma za ku Uganda zinamveka m'tchalitchi cha Petulo Woyera ku Roma pa mwambo wolengeza amartiri aja. Ndiye wina asakuuzeni kuti nyimbo yopekedwa ndi mphunzitsi wa kwaya wa pa parishi panu ndi yotsika poyerekeza ndi ya pa wailesi.

Za zojambula nazo, ndikudziwa m'komiti simulephera kukhala wina woopa kuti anansi a mipingo ina atinena kuti tikupembedza mafano. Mkangano umenewu ndi wakalekale. Cha m'ma 600, Serenus, episkopi wa ku Marseille, anaphwanya zithunzi m'matchalitchi ake, ndipo Papa Gregori Wamkulu anamulembera kalata yomudzudzula, kuti chithunzi chimaphunzitsa wosadziwa kuwerenga zimene buku limaphunzitsa wodziwa. Mu 787 msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea unagamula kuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapita kwa mwini chithunzicho, ndipo kupembedza n'kwa Mulungu yekha. Papa Yohane Paulo II anachita kulembera amisiri a zaluso kalata yawoyawo mu 1999, kuwauza kuti Mpingo umawafuna. Chondinyansa ine n'chakuti tikafuna chithunzi timathamangira kukasindikiza cha pa intaneti, chosaoneka bwino, pomwe pa benchi yachitatu pakhala mtsikana wojambula bwino kuposa pamenepo amene palibe anamupemphapo kanthu.

Tsono muchite chiyani

Musalimbane ndi komiti yonse pa msonkhano, mudzatopa pachabe. Kaonaneni ndi Bambo Mfumu, wansembe wamkulu wa parishi, panokha, mutanyamula mawu a nyimbo olembedwa kale ndi zojambula ziwiri zitatu za ana, chifukwa chinthu chogwirika chimakopa kuposa maganizo. Pemphani zinthu zochepa: nyimbo ya Kizito ikhale yolowera ndipo mpingo uyiphunzire Masabata angapo tsiku lisanafike, zojambula zipachikidwe pomwe aliyense adutse, sewero lichitike Misa itatha anthu asanabalalike. Masipika alekeni abwereke, koma mugwirizane pasadakhale pomwe adzaime.

Muonetsetsenso za tsiku. Chikondwerero cha nkhoswe ndi chaka chachikulu pa parishi yake, choncho pamaimbidwa Ulemu kwa Mulungu ndipo pamanenedwa Kumvera, pemphero lovomereza chikhulupiriro, ngakhale chigwe pakati pa sabata. Malamulo amalola kuchisamutsira pa Lamulungu la nyengo wamba kuti anthu ambiri apezekepo, koma 3 Juni imakonda kuyandikana ndi Pentekoste, Utatu Woyera ndi Thupi ndi Magazi a Ambuye, ndipo masiku amenewo sangalowedwe m'malo ndi chikondwerero china. Funsani Bambo Mfumu msanga musanauze ana tsiku loti abweretse zojambula zawo.