Kamera ikayaka, maganizo amathawa

Mwafunsa chifukwa chake mumamva zochepa mukamaphunzira pa Zoom kamera ili yoyatsa, pomwe mukamalemba ntchito anzanu ali pa intaneti mumalimbikira kwambiri. Ziwirizi gwero lake ndi limodzi.

Mu 1965, katswiri wa zamaganizo Robert Zajonc anafotokoza kuti munthu akadziwa kuti ena akumuona, thupi lake limakhala tcheru. Ntchito yomwe anaizolowera imayenda msanga, koma yachilendo kapena yovuta imasokonekera. Ndipo sikuti woonererayo azichita kukhala nanu m'chipinda chimodzi ayi. Kadontho kobiriwira kosonyeza kuti mnzanu ali pa intaneti, kapena timizere tiwiri tabuluu ta pa WhatsApp, n'tokwanira kukuchititsani kuganiza kuti pali maso akukudikirani.

Pa Zoom nkhani imakula chifukwa mumadziona nokha pa sikirini. Mphunzitsi akufotokoza, inu muli kalikiliki kuyang'ana ngati nkhope ikuoneka yomvetsera, ngati tsitsi lili bwino. Kunena zoona, tonse timatero. Katswiri wina, Jeremy Bailenson wa ku yunivesite ya Stanford ku America, anatchula kudziona kosalekezaku mu 2021 ngati chimodzi mwa zinthu zotopetsa pa misonkhano ya pavidiyo.

Ine ndimasiyanitsa ntchito. Yobwerezabwereza, monga kuyankha maimelo, ndimaichita anzanga akundiona. Phunziro latsopano likayamba ndimadina Hide Self View: ena amandionabe, koma ine sindidziona. Yesani kwa sabata imodzi, ndipo WhatsApp muziitseka mpaka phunziro lithe.