Nthano yopanda mawu: yankho kwa mayi wa matikiti awiri

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene akukhala ku Leeds, mzinda wa ku England. Mnzawo wa kuntchito wawapatsa matikiti awiri oti akaonere ballet, gule wofotokoza nthano ndi thupi motsagana ndi nyimbo za zida, wotchedwa The Sleeping Beauty, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 9. Iwo akuti: "Ndamva kuti ovinawo satsegula pakamwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nanga nkhaniyo tikaimva bwanji? Mwanayu sakatopa? Kapena ndingobweza matikitiwa?"

Musabweze, Amayi. Koma musapitenso chimbulimbuli ngati mmene ndinachitira ine ulendo woyamba. Ndinakhala theka la ola ndikudikira kuti wina ayambe kuimba, ndipo zimene zinkachitika pamaso panga zinandidutsa. Guleyu anapangidwira anthu amene nthanoyo ankaidziwa kale kuyambira ali ana. Sankabwera kudzamva kuti zitha bwanji ayi, ankabwera kudzaona mmene thupi lingaifotokozere. Ndiye ntchito yanu yoyamba ndi yoti usiku woti mawa mukupita, mumukhazike mwanayo pansi, munene kuti "padangokhala", iye ayankhe kuti "tili tonse".

Nthano yake ndi iyi. Mfumu ndi mkazi wake abereka mwana wamkazi, Aurora. Pa tsiku la ubatizo aitana azimayi amatsenga kuti adzamudalitse, koma mkulu woyendetsa mwambo, Catalabutte, waiwala kuitana mmodzi, Carabosse. Gogoyo akutulukira ali lunda, pa ngolo yokokedwa ndi makoswe, nʼkutemberera khandalo kuti likadzakula lidzadzibaya chala ndi kandodo kosongoka kopotera thonje, nʼkufa. Mwayi wake, mmodzi wa amatsenga abwino, Lilac Fairy, anali asanapereke mphatso yake. Temberero sangalifafanize, koma akulifewetsa: sadzafa, adzangogona. Pa phwando la zaka 16 zikuchitikadi, nyumba yonse yachifumu ikugona zaka 100, nkhalango nʼkuikuta. Kenako kalonga akubwera, akumupsompsona, akudzuka, ukwati. Basi.

Amene anailemba nthanoyi mʼbuku ndi Charles Perrault wa ku France, mʼchaka cha 1697. Ya iyeyo ndi yoopsa kuposa imene mukaone. Mulibe kupsompsona, mtsikanayo amangodzuka kalongayo atagwada pambali pake. Ndipo nkhani sithera pa ukwati: apongozi ake akazi ndi chimzimayi chodya anthu, chimene chikufuna kuphika zidzukulu zake zomwe. Dzina loti Aurore, kwa Perrault, ndi la mmodzi wa anawo, osati la mayi wawo. Opanga gule anadula mbali yonseyo, ndipo sindikuwadzudzula.

Guleyu anavinidwa koyamba mu Januwale 1890 ku nyumba ya zisudzo ya Mariinsky Theatre, mumzinda wa St Petersburg ku Russia. Maganizo anali a Ivan Vsevolozhsky, mkulu wa nyumba za zisudzo za mfumu, nyimbo anapeka Pyotr Tchaikovsky, ndipo mavinidwe anakonza Marius Petipa, Mfalansa amene anakalambira ku Russia. Petipa ankachita kumulembera Tchaikovsky kuti apa ndikufuna nyimbo yotalika chonchi, yothamanga chonchi, ngati mmene mumamuuzira telala muyezo. Nʼchifukwa chake nyimbo ndi mapazi zimagwirizana kwambiri. Aurora woyamba anali Carlotta Brianza wa ku Italy, ndipo Carabosse anavinidwa ndi mwamuna, Enrico Cecchetti. Mpaka lero magulu ena amapereka gawo la gogoyu kwa mwamuna, choncho mwana wanu akakufunsani, musadabwe.

Tsopano za kumva nkhani. Ovinawa amayankhula, kungoti ndi manja, ndipo zizindikiro zake nʼzochepa moti mutha kuziloweza mukupanga tiyi. Dzanja likazungulira nkhope, ndiye kuti "wokongola". Manja akamazungulirana pamwamba pa mutu, "kuvina". Manja pamtima, "chikondi". Zibakera ziwiri zikapingasana kutsogolo nʼkutsika, "imfa". Tsaya likatsamira pa manja, "tulo". Ndi zisanu zokhazi mudzamva mkangano wonse wa Carabosse ndi Lilac Fairy: uyu akuti adzakula wokongola, adzavina, adzafa, winayo akubwereza zomwezo, koma pofika pa imfa akukana, nʼkuika tulo. Muphunzitseni mwanayo zimenezi ngati masewera, mudzaona akukugwedezani mkono nʼkumanongʼoneza kuti "wati afa!"

Makutu nawo agwire ntchito. Katani isanatsegulidwe, oimba ndi zida amayamba ndi nyimbo yaukali, yodukaduka. Imeneyo ndi ya Carabosse. Kenako imabwera ina yofatsa, yoyenda ngati madzi, ya Lilac Fairy. Ziwirizi zimabwereranso mʼkati mwa gule, ndipo mukazizindikira mudzadziwa amene ali pafupi asanaoneke nʼkomwe.

Pali malo amodzi amene ndikupemphani kuti musayangʼane foni, musafufuze switi mʼchikwama. Amawatcha Rose Adagio, pa phwando la zaka 16 lija. Akalonga 4 abwera kudzafunsira Aurora. Iye akuima ndi mwendo umodzi, pa nsonga penipeni pa zala zakuphazi, mwendo winawo uli mʼmwamba kumbuyo. Kalonga woyamba wamugwira dzanja. Kenako akumusiya, mtsikanayo akukweza manja onse awiri pamwamba pa mutu, palibe womugwira, mpaka wachiwiri atafika. Chimodzimodzi wachitatu, wachinayi. Chakumapeto akubwereza, koma tsopano aliyense akuyamba wamuzungulitsa kaye asanamusiye. Nsapato zake nʼzolimba kutsogolo, zomatidwa ndi nsalu ndi guluu, koma kulemera kwa thupi lonse kuli pa kamalo kochepa ngati ndalama yachitsulo. Ngati mwakhala pafupi mudzaona mwendo ukunjenjemera pamene nkhope ikumwetulira. Apa palibe chinyengo cha kamera, akhoza kugwa, ndipo holo yonse imadziwa zimenezo. Kwa ine nthano yonse ili pamenepa: mwana amene makolo amubisira chilichonse chosongoka kwa zaka 16 akuima payekha koyamba, anthu akuonerera. Amene anatchukitsa kuima nthawi yaitali chonchi ndi Margot Fonteyn, wovina wa ku England, yemwe anavina Aurora pamene nyumba ya zisudzo ya Royal Opera House ya ku London inkatsegulidwanso nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mu February 1946. Kuyambira pamenepo guleyu Angerezi amamutenga ngati wawo.

Za kutopa sindikunamizani. Wa 1890 ankatenga pafupifupi maola 4. Masiku ano amadulako, koma konzekerani maola atatu kuphatikizapo nthawi yopuma. Pakati pali chigawo chimene kalonga akusaka nyama mʼnkhalango nʼkuonetsedwa Aurora mʼmasomphenya. Nyimbo zake nʼzokoma, koma zimayenda pangʼonopangʼono, ndipo ana ambiri amawodzera pamenepo. Akagona musamudzutse, nayenso Aurora ali mʼtulo.

Mudzamudzutse chigawo chomaliza chikamayamba. Anthu ena amadandaula kuti nkhani yatha kale koma gule akupitirirabe, ati nʼkutaya nthawi. Ine ndimaseka, chifukwa ife amene tinakhalapo pa perekaniperekani kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa tikudziwa kuti ukwati suthera pa kuvekana mphete. Magulu amaitanidwa limodzilimodzi kuti avine, ndipo kunonso nʼchimodzimodzi, kungoti alendo ake ndi ochokera mʼnthano zina: mphaka wovala majombo akukandana ndi mphaka woyera, kamtsikana ka chipewa chofiira kakuthawa mmbulu, ndi mbalame yabuluu imene imadumpha mapazi akuombana mʼmalere ngati sidzateranso pansi. Ana amakonda amphakawo kuposa mkwati.

Za zovala musavutike, valani ngati mukupita ku tchalitchi kapena kocheza, palibe adzakubwezeni pakhomo. Fikani msanga, chifukwa mukachedwa nthawi zambiri amakudikiritsani panja mpaka papezeke mpata. Kuomba mʼmanja pakati pa gule nʼkololedwa wovina akamaliza gawo lake. Nthungululu yokha ndiye muisunge kaye mpaka Aurora atasiya dzanja la kalonga wachinayi.